Nyumba Yoitana Mphenzi

Nyumba yanga ili kumtunda kwa Mwenilondo, kutali ndi msewu waukulu, kumene mawaya a magetsi sanafike. Malowo si anga. Kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera ku Karonga kudzagwira ntchito ya ukalaliki pa Boma, ndipo ndinakwatira konkuno. Nditapuma pantchito, mchimwene wake wa mkazi wanga anatidulira malo m'mphepete mwa nthochi zake, nati, "Alamu, mangani apa, mlongo wanga akhale pafupi." Mkazi wanga anakhala m'nyumbayo zaka zochepa chabe Mulungu n'kumutenga, ndipo manda ake ali kuseri, pakati pa nthochizo. Kuyambira pamenepo ndinkadziwa kuti ndikukhala pamalopo chifukwa cha mawu a mlamu wanga basi. Akanangowabweza, ndikanachoka n'kusiya mandawo.

Ine ndi mkazi wanga tinkafuna nyumba yosadalira munthu. Penshoni yanga inathera momwemo, pamodzi ndi ndalama ya poloti imene tinagulitsa ku Boma. Padenga tinaika mapanelo a sola, amene anthu kuno amangowatchula kuti magalasi. M'kachipinda ka pakhonde munali mabatire akuluakulu ndi inveta, bokosi losintha mphamvu ya m'mabatire kukhala magetsi a m'nyumba. Madzi a mvula ankatsika m'malata kulowa m'thanki ya simenti. Fundi wina, mmisiri wa ku Tanzania, anatikumbiranso dzenje la gasi. M'dzenjemo mumathira ndowe ndi madzi, zimawira pansipo, mpweya wake n'kumabwera m'paipi mpaka pa sitovu.

Odutsa m'njira ankaganiza kuti tikukhala mwaulere. Sankadziwa kuti mabatire amakalamba msanga ndi kutentha kwa kuno, ndi kuti oyamba aja atafa ndinachita kugulitsa makina osokera a mkazi wanga kuti ndigule ena. Mitambo ikakhalitsa ndinkazimitsa firiji n'kusiya babu limodzi lowerengera Baibulo. Thanki nayo ikafika Okutobala munkangotsala matope.

Koma chanjala kuposa zonse chinali dzenje la gasi. Linkafuna ndowe zaziwisi tsiku ndi tsiku, pamene ine ndinalibe ng'ombe ndi imodzi yomwe. Poyamba ndinkapita ndi wilibala ku khola la alamu. Msana utayamba kuvuta ndinawapempha kuti ng'ombe zawo ziwiri zolimira, zikamasulidwa pagoli masana, azizimangirira pa mtengo wa mango umene unali pafupi ndi dzenjelo. Ine ndizizipatsa madzi ndi makoko a nthochi, ndowe n'kumatolera pomwepo.

Alamu anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti tiyi wanu uja amaphikidwa ndi mimba za ng'ombe zanga?"

"Ndi yemweyo amene munamwa makapu awiri dzana, alamu."

Anavomera, ndipo zinayenda bwino kwa nthawi ndithu.

Tsokalo linagwa mu Januwale, nthawi yolima mpunga, minda itadzaza madzi, mbande zikudikira pa nazale. Masana amenewo ng'ombe zinabwera zili matope okhaokha. Anazibweretsa ndi mwana wamkulu wa alamu, bambo wa ana ake kale, munthu wamphamvu amene ankagwira pulawo. Anazimangirira pamtengo n'kupita kwawo kukadya. Mtambo unatsika kuchokera kumapiri. Ndinali pakhonde ndikusenda chinangwa pamene kuwala ndi kuphulika zinabwera nthawi imodzi. Ndinangopezeka ndili chagada, makutu akulira, mpeni uli kutali. Nditadzuka ndinaona mtengo wa mango utang'ambika pakati, makungwa ali mbwee. Ng'ombe zonse ziwiri zinali pansi, miyendo itauma, ubweya ukufuka utsi mumvula momwemo.

Anthu anabwera akuthamanga. Masiku onse akandiona amasinthira ku Chichewa kuti ndimve, koma tsiku limenelo palibe anasintha. Chinkhonde ndimamva theka, ndipo theka limene ndinamvalo linali lokwanira. Ankaloza padenga. Mayi wina ankanena kuti chikwerereni magalasiwo mphenzi siichoka mbali ino. Wina anati nyama yophedwa ndi mphenzi palibe angaidye kapena kuigula, ng'ombezo zangopita.

Alamu anafika pomaliza. Anagwada m'matope n'kugwira nyanga ya ng'ombe yaikuluyo. Ndinawayandikira.

"Pepani, alamu. Tiyeni tilowe m'nyumba, tikhale pansi."

"Ndikhale pansi, munda ndilime ndi chiyani? Ndikumangeni inuyo pagoli?"

"Tiona chochita. Mphenzi ndi ya Mulungu."

"Ya Mulungu?" Anaimirira. "Munatiuza nokha kuti magalasi anuwa amakoka dzuwa. Chinthu chokoka dzuwa chingalephere kukoka mphenzi? Ng'ombe zanga zinali ndi khola lake. Munaziitana ndinu kuti muziphikira tiyi."

Zoti ndinaziitana ndine zinali zoona.

Mwala woyamba anaponya ndi mwana wamkulu uja. Unagwera pa panelo, galasi linachita ming'alu ngati ukonde wa kangaude. Atamva kulirako, anyamata ena anatola miyala nawonso. Awiri anatenga makwerero anga omwe, amene ndinkakwerera popukuta fumbi, n'kuwatsamiritsa kukhoma. Ndinapita kukagwira makwererowo. Sindinatukwane munthu, ndinangowagwira. Wina anandimenya ndi mpini wa khasu pamkono, ndipo ndinamva fupa likuthyoka ululu usanafike. Ndinagwa. Anandiponda m'nthiti ndi mapazi a matope, wina anandimenya chidendene pakamwa, ndinalavula dzino limodzi ndi magazi. Amene anandipondawo ndimawadziwa onse. Mmodzi amaimba kwaya kutchalitchi kwathu.

Ndili pansi choncho ndinkaona mapanelo akugwa kuchokera padenga limodzilimodzi, mawaya akulendewera. Anthu amene anali pansi ankawamaliza ndi zibonga. Wina anadula paipi ya gasi ndi chikwanje, ena anaswa chivundikiro cha dzenje ndi mwala waukulu, fungo la ndowe zowola linadzaza bwalo lonse. Mnyamata wina anatulutsa machesi kuti ayatse, koma mkazi wa alamu anamukwapula mbama n'kumulanda. Mayi ameneyo akanachedwa pang'ono, pabwalopo pakanakhala maliro ambiri. Mpopi wa thanki anauthyolanso, madzi anayamba kutuluka mwamphamvu n'kumayenderera kunthochi.

Kenaka ndinaona mwana wamkulu wa alamu akulowa m'kachipinda ka mabatire atanyamula nkhwangwa. Ndinadzutsa mutu.

"Mwanawe, umo ayi. Mabatirewo muli asidi."

Anatembenuka pakhomo. "Ankolo, mukadali ndi pakamwa? Dikirani, ndimalize izi ndibwere kwa inu."

Mabatire anali odzaza, chifukwa m'mawa wonse kunali dzuwa, ndipo kachipindako kanali kotentha. Nkhwangwa inagwera pamitu pake. Kunathetheka moto wabuluu, kenaka batire linaphulika ngati mfuti. Anthu anaganiza kuti mphenzi yabweranso ndipo anabalalika, ena kudumpha kuchokera padenga. Mwana wa alamu uja anatuluka atagwira kumaso ndi manja onse awiri, akukuwa mawu amene sindinamvepo kwa munthu wamkulu. Anagunda mzati wa khonde, nagwa, nayamba kudzipukuta ndi malaya, zimene zinkangowonjezera kupsako.

Fundi uja anandiuzapo kuti asidi akagwera munthu, mankhwala ake ndi madzi ambiri, msangamsanga. Ndinakwawa. Mkono umodzi unkangolendewera, choncho ndinamugwira kolala ndi winawo n'kumukokera ku mpopi wothyoka uja. Ankandimenya zigongono m'nthiti zomwe zija. Ndinamukhalira pamsana n'kulowetsa nkhope yake m'madzimo.

Alamu ataona zimenezo anaganiza kuti ndikumumiza mwana wawo pobwezera. Anabwera ndi ndodo yawo yothamangitsira ng'ombe n'kundimenya m'mutu. Anandimenyanso. Magazi anatsikira m'maso mwanga, koma kolalayo sindinaisiye.

"Alamu, menyani mukamaliza. Gwirani mutuwu. Mutsegulireni zikope, madzi alowe."

Ndodo inali m'mwamba kachitatu. Mkazi wawo anawauza mawu ena m'Chinkhonde, mwaukali, ndipo alamu anaiponya pansi nagwada. Anatsegula zikope za mwana wawo ndi zala zawo. Tinakhala choncho anthu atatu m'matope mpaka thanki inatsala pang'ono kuuma. Ikanakhala nthawi ya chilimwe, madziwo sakanapezeka.

Ine ndi mwana wa alamu anatitengera ku chipatala cha ku Boma pa njinga zamoto, ndipo anatigoneka m'chipinda chimodzi, mabedi oyang'anana. Diso lake lamanja linafa. Lamanzere linapulumuka, koma tsaya linapsa mpaka kukhutu. Ine anandimanga pulasitala ndi kundisoka m'mutu. Masiku onse amene tinagona m'menemo sitinalankhulane. Mkazi wake akabweretsa chakudya ankakhala chondifulatira.

Apolisi anabwera kudzafunsa amene anaphwanya nyumba ndi kundivulaza. Mwana wanga wamkazi, amene amakhala ku Lilongwe, anali atandiimbira kale akulira. "Adadi, atchuleni onse amangidwe, inu mubwere kuno. Anthu amenewo adzakuphani." Sindinganene kuti ankalakwa. Zonse zimene ndinagwirira ntchito zaka zanga zinali zitasanduka magalasi osweka, ndipo mtima unkandiwawa kuposa mkono. Koma ndinadziwanso kuti ndikatchula mwana wa alamu, pamalo paja sindidzapondaponso. Ndinapemphera, kenaka ndinauza wapolisiyo kuti ndi nkhani ya pabanja, tikakambirana kumudzi. Anandiyang'ana pulasitala, nandifunsa ngati ndikunena ndi mtima wanga. Ndinati inde.

Nditatuluka ndinabwerera kunyumba osadziwa ngati ndikagonamo. Ng'ombe anali atazikwirira pomwepo pamene zinafera. Fundi anabwera kudzaona ngati pali chopulumuka, napeza inveta ndi firiji zokha. Ndinamufunsa mosabisa ngati mapanelo amaitana mphenzi. Anati ayi, mphenzi imakonda chinthu chachitali, ndipo mango aja anali aatali kuposa denga. Anandionetsa kuti fyuzi ya inveta sinapse n'komwe. Ndinamukhulupirira, ndipo ndimamukhulupirirabe. Inveta ndi firijizo ndinamupempha akandigulitsire, ndalamayo ndinaitumiza kwa alamu kudzera mwa mkulu wa mpingo kuti abwerekere ng'ombe zolimira. Analandira osabweza mawu. Mpunga wawo chaka chimenecho unawokedwa mochedwa ndipo sunachite bwino.

Alamu anabwera okha m'mawa wina ine ndikusesa magalasi ndi dzanja limodzi. Anakhala pa simenti ya thanki.

"Mwaghona, alamu," anandipatsa moni wa kwawo.

Ndinayankha, n'kuwatulutsira mpando, koma anakana.

"Anthu akuti muchoke," anatero. "Mpongozi wanga akuti muchoke. Anyamata akuti mukatsala adzabweranso."

"Nanga inu mukuti bwanji?"

Anayang'ana kunthochi. "Apolisi munawauza chiyani?"

"Kuti ndi za pabanja."

"Ndinamva." Anatola kachidutswa ka galasi, nakatembenuza, nakaponya pamulu. "Mutu uli bwanji?"

"Ndodo yanu ndi yolimba, alamu. Ng'ombe zinkapirira."

Sanaseke, koma mapewa awo anatsika pang'ono. "Khalani. Anyamatawo ndilankhula nawo ine. Koma padengapa pasadzakwerenso galasi, ngakhale laling'ono lotchajira foni. Dzenje lija mulikwirire."

"Alamu, ndinene kamodzi kokha, sindidzabwerezanso. Magalasi sanaphe ng'ombe zanu. Unali mtengo."

"Kaya. Mwina unali mtengo. Koma mwana wanga azidutsa njira iyi popita kumunda, ndi diso limodzi. Sindifuna kuti akakweza mutu aziona chinthu chikunyezimira pamwamba pa nyumba yanu."

Ndinaganiza za mabatire amene ndinalibe ndalama yogulira ena, za ndowe zimene sindikanazipezanso, ndi za kumene ndikanapita. Ndinati ndamva, zikhala choncho. Anaimirira, napita kuseri kwa nyumba, ndipo ndinawasiya okha kumandako. Pobwerera anadzera njira ya m'nthochi osatsazika.

Dzenje ndinalikwirira pang'onopang'ono mkono utapola. Unapola mokhota, moti ndowa yodzaza sindiitha, ndimatunga ya theka kumjigo. Ndimaphikira nkhuni, foni ndimakatchajitsa kumsika, ndipo Baibulo ndimawerenga masana. Maswichi akadali m'makoma, ndipo nthawi zina polowa m'chipinda dzanja limapita lokha kukadina. Mwana wanga amandifunsabe kuti ndidzapita liti ku Lilongwe, ndimamuuza kuti ndidzabwera kudzacheza. Mwana wa alamu amadutsadi pakhomo popita kumunda. Chaka choyamba ankayang'ana kumbali. Tsopano amati, "Ankolo," ine n'kuyankha, iye n'kumapitirira.