Kamba wanga anangogona

Dzulo m'sitolo ya maluwa ndinamva fungo la udzu wonyowa, ndipo mtima unandiwawanso ngati kale.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinkaweta kamba kuseri kwa nyumba yathu ku Kwinana, kutsidya kwa nyanja kumene makolo anga anasamukira. Juni atafika ndi mvula yake yozizira, ndinamuika m'bokosi lodzaza udzu, n'kumufunditsa juzi yanga yakale. Anasiya kudya, n'kulowetsa mutu m'chigoba. Sindinade nkhawa, chifukwa aphunzitsi anatiuza kuti kamba amagona choncho mpaka kutafunda.

Lachinayi lina nditaweruka kusukulu ndinapeza m'bokosi muli juzi yokha. Bambo anali pakhonde akuvula jombo za kuntchito.

"Kanyama kako kafa," anatero. "Ndinakagwedeza osasuntha, ndiye ndakataya mubini kasanayambe kununkha."

Bini inali kumsewu, yopanda kanthu. Galimoto ya zinyalala inali itadutsa kale.

Pakhomo ndinkangoyankha m'Chingerezi, koma tsikulo Chichewa chinatuluka chokha.

"Anangogona. Wamupha ndi iweyo."

Mayi, amene anali pawindo, anagwira pakamwa. Bambo anandiyang'ana, jombo imodzi ili m'manja.

"Wati ndani?"

Ndinafinya juzi yonyowa ija pachifuwa.

"Ndati iwe."