Yunesi, Amene Kwawo Anamutcha Namapopa

Yunesi anabadwira ku Torwood, mwana wa Bambo Yafeti osungunula zitsulo. Mlongo wake Naison anakula akulira ndi ululu wa m'mafupa, abale n'kumati walodzedwa. Naison atamwalira, Yunesi analimbikira sukulu mpaka anakhala katswiri wofufuza matenda a magazi ndi mafupa, ndipo anapeza kuti nthenda imene inapha mlongo wakeyo ndi ya kumtundu.

Atabwerera kwawo kudzayeza ana magazi pofufuza nthendayo, azakhali ake enieni ndi amene anafalitsa zoti wasanduka namapopa, wogulitsa magazi kunja. Azimayi anatsekera ana m'nyumba. Yunesi anapsa mtima. Anthu omwewo amene analola sing'anga kutema Naison mphini thupi lonse, magazi ali chuchuchu, ndiwo tsopano ankakaniza kadontho kamodzi ka pachala.