Nanga Zakuda Amazitani Kwanu?

Nditafika ku Dubai, munthu woyamba kundida anali wa kwathu komwe. Sanali Mwarabu, sanali Mmwenye. Anali mayi ena a ku Mangochi amene ndinawapeza akugwira ntchito yophika m'fulati ya ku Al Mankhool momwe ejenti anandipereka kuti ndizikolopa ndi kuchapa. Ndinkawaitana kuti anti chifukwa makolo anga anandilera bwino, koma mumtima ndinali nawo mayina ena.

Chifukwa chondidera ndinachidziwa msanga. Malo angawo ankafunira mwana wa mchemwali wawo. Madamu, mayi wachimwenye amene tinkamugwirira ntchito, anali atanena kuti ndikapanda kuwasangalatsa miyezi yoyambirira andibweza kwa ejenti. Kubwezedwa kunali kukwera ndege ya ku Lilongwe, kukafika kwa ana anga awiri chimanjamanja. Tsoka lake Chingerezi changa chinali cha kupulayimale, pamene cha madamu chinkathamanga osapuma. Choncho mawu onse a madamu ankafika kwa ine kudzera pakamwa pa anti.

Madamu anali ndi ntchito imodzi yomwe ankaikonda kuposa kudya. Ankasoka chofunda cha tizigamba, iwo ankati kwilti, choti akapatse mwana wawo wamkazi pa ukwati wake. Ankadula nsalu zamaluwa m'tizidutswa tofanana, kalikonse kosaposa chikhatho cha mwana, n'kumatimata pa bulangete lomwe anakhoma pakhoma. Kumtunda ankaika toyera, pakati tapakatikati, kumunsi takuda bii, mwakuti ukaima patali sunkaona pomwe kuyera kwathera ndi pomwe kuda kwayambira. Ankaima pakhomo la chipinda, n'kutsinzina pang'ono, n'kubwerera kukasuntha kachigamba kamodzi kokha. Kena ankakatembenuza kuti kuseri kwake, komwe n'kotuwa, kuonekere. Ine ndinkaona ngati matenda a anthu okhuta, koma ndinkasesa ulusi wawo mwakachetechete.

Tsiku lina m'mawa madamu akupita kuchipatala ku Oud Metha, anatulutsa basiketi yodzaza ndi tizigamba tosakanikirana. Analankhula zambirimbiri akuloza basiketiyo, anati yalla, kutanthauza kuti tifulumire, n'kutuluka. Ndinayang'ana anti.

"Akuti zakuda zonse uzichotsemo," anatero anti. "Pobwera apeze zoyera zokhazokha."

Ndinasankha. Zakudazo zinali nsalu zakalekale, zofiirira, zina zobiriwira mothimbirira, zonunkha m'sutikesi. Kunena zoona zinkaoneka ngati zakhalitsa osaona sopo.

"Anti, zakudazi ndizichape?"

"Nanga zakuda amazitani kwanu?"

Ndinachapa ndi sopo, koma sizinasinthe. Anti anabwera kubafa, anasuzumira m'beseni n'kugwedeza mutu.

"Zayera zimenezi? Iwe ntchitoyi ukuifunadi?"

Anapita kukhitchini, anabwera ndi botolo la jiki, anandipatsa m'manja. Ndinakayikira, chifukwa sindine mwana woti n'kusadziwa zomwe jiki amachita pa nsalu yamaluwa. Koma iwo ndi amene anamva mawu a madamu, ine ayi. Ndinathira. Anti anaima pomwepo akuonerera mpaka madzi anasanduka ngati tiyi, tizigamba tonse n'kukhala mbuu.

Madamu atabwera sanakalipe msanga. Anatola kachigamba kamodzi, anakayang'ana uku ndi uku, kenaka anakhala pansi pa matailosi n'kuyamba kulira. Apa ndipo ndinamva, mwapatalipatali, kuti zinali zovala za malemu mayi awo. Madamu anali atandituma kungozipatula, zakuda kwazokha, zoyera kwazokha. Kenaka mkwiyo unabwera, ndipo mawu amene ndinawamva bwinobwino anali awiri: ejenti, ndi khalas, kutanthauza kuti basi zatha.

Kuchipinda kwathu ndinawafunsa anti.

"Munandigwiritsa fuwa la moto dala, eti?"

"Ine ndinati zakuda," anayankha akupinda malaya awo. "Sindinati zalitsiro. Ngati Chichewa chomwe chimakuvuta, Dubai uthana nayo bwanji?"

Ndinafuna kuwaluma. Chomwe chinandiwawa kwambiri n'chakuti sananame ngakhale liwu limodzi. Chilankhulo chathu chomwechi, chomwe ndinkaganiza kuti chidzatigwirizanitsa kudziko la eni, ndicho anandikolera nacho msampha.

Madamu sanaimbire ejenti tsiku lomwelo. Mtima wawo unali pa chofunda, chifukwa ukwati unali pafupi ndipo kumunsi kwa bulangete kunali mbee. Popanda zakuda, zoyera zija zinkangooneka ngati zochapa zoyanikidwa. Anazungulira mashopu a nsalu a ku Bur Dubai, ine ndikunyamula majumbo pambuyo. Zomwe ankabwera nazo akazimata pakhoma n'kuima pakhomo paja, ankapukusa mutu. Ina inali yakuda yopanda duwa, inkaoneka ngati dzenje. Ina maluwa ake anali oyera kwambiri, ankalumpha m'maso. Nsalu iliyonse ikakanika ankandiyang'ana, ndipo ine ndinkadziwa kuti ndege yanga yayandikira.

Koma munthu amene umagona naye chipinda chimodzi sabisa kanthu. M'sutikesi ya anti munali chitenje chabuluu wakuda, chokhala ndi timaluwa tofiirira ting'onoting'ono. Inali yunifomu ya pa ukwati wa mwana wawo yekhayo wamkazi. Ukwatiwo sanapiteko, tchuthi chinakanika, ndiye abale anawatumizira chitenjecho. Lachisanu lililonse akatha kuswali ankachitulutsa, kuchiyala pamiyendo, kuchisisita, n'kuchibwezera. Sankachivala n'komwe.

Ndinadikira tsiku lomwe tonse atatu tinali m'chipinda chosokeramo, anti atabweretsa tiyi. Ndinatolera Chingerezi changa chonse, ndi manja omwe, ndinauza madamu kuti anti ali ndi nsalu yakuda yamaluwa, yokongola zedi. Maso a madamu anawala. Anti anatsegula pakamwa kuti akane, koma ndinawatsogolera m'Chichewa, ndikumwetulira kuti madamu aziona ngati tikucheza.

"Mukakana, ndikaitana achimwene a sekyurite apansi aja. Ndi a ku Salima, Chingerezi amachitha. Adzawafotokozera madamu kuti zakuda n'chiyani, ndiponso kuti jiki anandipatsa ndani."

Anti anaika thireyi pansi n'kupita kukatenga chitenje.

Madamu anachimata pakhoma chonsecho, anabwerera pakhomo, anatsinzina. Anawomba m'manja ngati mwana. Anawakumbatira anti akuthokoza, shukran, shukran, ndipo anti anati ndi mphatso ya mkwatibwi. Lumo madamu anapatsa ine. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ine langa ndinachita kubwereka, koma linadula bwino lomwe. Ndinadula chitenje chonse, mzere ndi mzere, pathebulo la pabalaza pomwe anti ankadutsa popita kukhitchini.

Chitenje chimodzicho chinagwira ntchito ziwiri. Kumaso kwake kunadzaza ngodya yakumunsi. Kuseri kwake, kotuwirako, kunalumikiza zakuda ndi zapakatikati, ndipo tina mwa tizigamba tanga ta jiki tija tinalowa kumtunda, pakati pa toyera. Tsiku lomwe madamu anamaliza kusoka, ndinaima pakhomo paja n'kutsinzina monga ankachitira iwo. Chinali chokongola, sindingakane. Kuwala kunkachita kutsika kuchokera pamwamba mpaka kukazimirira m'chitenje cha anti. Za ejenti sizinatchulidwenso.

Kusita chofundacho ndi kuchiika m'bokosi madamu anatuma anti, poti ndiwo anali odalirika panyumbapo. Ndinawapeza atagwira simbi, aima pa ngodya ija, akusisita timaluwa tofiirira ndi chala. Nsalu ya ukwati wa mwana wawo inkapita kukafunditsa mwana wa eni ake. Sanatembenuke, koma anadziwa kuti ndine.

"Mwana iwe, mtima wako ndi wakuda."

"Nanga zakuda amazitani kwanu, anti? Jiki ali kukhitchini."

Ntchito ndinakhalapo, ana anga akupita kusukulu, ndipo mwana wa mchemwali wawo uja akadali ku Mangochi. Sindinapepese, iwonso sanapepese. Tikugonabe chipinda chimodzi, bedi uku bedi uko. Lachisanu akatha kuswali amakhala pamkeka pomwepo, manja ali pamiyendo, ndipo sutikesi ija satsegulanso.