Ambuya Zuze Anakana Kumeta

Fungo la nsomba zowamba likasakanikirana ndi thukuta la anthu opanikizana m'nyumba yotseka mawindo, ine ndimawaona ambuya anga a Zuze atakhala pa kampando kawo ka chikopa cha mbuzi kutsogolo kwenikweni kwa TV ya a Bonifasi, chipewa chili pabondo, akukalipira azungu amene sankawamva n'komwe. A Bonifasi anali neba wathu ku Feira. Anabwerako ku migodi ndi TV, makina a matepi ndi batire ya galimoto, ndipo Loweruka masana ankatchinga mawindo ndi mabulangete kuti zithunzi zioneke bwino. Kutentha kwa kwathu mumakumva chabe. Ife tinkapsa m'menemo ngati mbatata za m'phulusa, koma wotuluka panalibe.

Matepi anali a mitundu iwiri. Ena anali a njoka zamapiko zolavula moto ndi mafumu a malupanga. Amenewo ambuya ankati ndi bodza lonamizira ana, poti njoka yolavula moto ikanayamba yadziwotcha lilime. Koma a anthu oyenda ndi chombo pakati pa nyenyezi ankawakhulupirira ngati nkhani za pa wailesi. Mkulu wa chombocho sankamufuna, ati munthu wanji wongokhala pampando n'kumaloza ndi chala anzake akukhetsa thukuta. Munthu wawo anali wina wa ndevu zofiira, wokonza makina, amene tinamutcha Kandevu. Chizungu ambuya sankachimva, ndiye womasulira ndinali ine, mwini giredi folo imene ndinaibwereza mpaka aphunzitsi anatopa nayo nkhope yanga. Pamene sindinamve ndinkaikapo zanga. Kandevu analankhula zambiri za mvuu ndi za kukwera mtengo kwa mchere zimene amene anamupanga sanazilotepo.

Nthawi imeneyo atate anali atasowa. Anawoloka ndi nsomba kupita ku Zumbo, masiku amene kutsidya kunali nkhondo, ndipo bwato lawo linapezeka lokha litakodwa m'bango, nkhafi mulibe. Ena ankati ndi mvuu, ena ankati ndi asilikali. Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha. Kwathu munthu akapita ndi madzi osapezeka, timaika chipatso cha mvunguti m'manda m'malo mwake, tilire, timete, mkazi wake amasuke. Abale a amayi ankafuna zimenezo. Ambuya, amene anabala atate, ankakana.

Ndiye inafika tepi ina ya chombo chija. Chombo chinawonongeka, Kandevu anatuluka panja atadzimanga chingwe m'chiuno kuti akakonze, chingwe n'kuduka. Tinamuona akuchepa, akuchepa, mpaka anangokhala kadontho mumdima. Tepi inathera pomwepo, pagalasi n'kutsala mchenga wokhawokha.

Mkangano wake unatuluka m'nyumba mpaka unakafika kudooko. A Bonifasi ankati munthuyo wafa, kumwambako kulibe mpweya, ndipo iwo anaonapo mumgodi mmene munthu amathera akasowa mpweya. Azimayi ogula nsomba ankati akanakhala wamoyo, nyimbo yachisoni ija sakanaiika. Ambuya ankangofunsa kuti mtembo anauona ndani. Ankati chombo china chidzadutsa, poti palibe njira yopanda odutsamo, ndipo mkulu wapampando uja akadzapitiriza ulendo osamufunafuna ndiye kuti ndi galu. A Bonifasi anatuma dalaivala wa basi ya ku Lusaka kuti akapeze tepi yotsatira. Dalaivala anabwera ndi ya nkhonya.

Mkangano ukali mkati, amalume anafika kuchokera kwa Mphuka, mvunguti uli m'thumba. Anakhala pansi pa mtengo, anawomba m'manja, n'kulankhula mwaulemu wonse. Anati mlongo wawo akali mtsikana, sangakalambe akudikira bwato limene linabwera kale lopanda munthu. Zoona zinali kumbali yawo, nanenso lero ndikuvomera. Ambuya anamvetsera akusoka ukonde mpaka amalume anamaliza.

"Mkaziyo mumasuleni, ine sindikumuletsa," anatero. "Chipatso chanucho kaikeni. Koma musandiitane kuti ndikalire mtengo. Mwana wanga sindinamuone atafa."

Amalume anataya ulemu pang'ono. "Madala, za pa TV zija zakusokonezani mutu. Uyu si Kandevu wanu."

"Nanga Kandevuyo munamuika liti?"

Mvunguti anauika ambuya palibe. Iwo anali pamtsinje, akupalasa pang'onopang'ono kufupi ndi gombe, kuti aliyense wopita kumanda awaone kuti sakudwala. Tsiku lometa, abale onse anandandalika pabwalo, azakhali atagwira lezala, beseni la madzi lili pambali. Ambuya anaima kuseri kwa mpanda wa a Bonifasi akupesa tsitsi lawo ndi chipeso chamtengo, mosafulumira, ngati mnyamata wopita kukafunsira mbeta.

Nthawi yanga itakwana, azakhali anandipana ndi mawondo. Lezala linayambira kukhutu lakumanzere, likulira khwee, khwee, tsitsi likundiyabwa pamapewa. Ndinayang'ana amayi, mutu wawo uli mbee, maso ali pansi. Ndinayang'ana ambuya. Sanandikodole, anangopitiriza kupesa tsitsi lawo. Lezala litafika paliwombo ndinapulumuka m'mawondo muja ngati mlamba, n'kuthawira kumpanda. Amalume anadzuka kuti andigwire, koma amayi anawakoka malaya.

"Musiyeni, achimwene. Atatewo ndi ake."

Ndinayenda ndi mutu wometa mbali imodzi mpaka tsitsi linalingana lokha. Kusukulu ankanditcha munda wa mlesi. Patapita nthawi amayi anakwatiwa kwa Mphuka, ndipo amene anawaperekeza pabwato, katundu ndi nkhuku zomwe, anali ambuya omwewo. Ine ndinatsala nawo. Atate sanabwere. Ambuya anamwalira mutu utayera wonse, ndipo mpaka tsiku limenelo akamatchula atate ankati ali paulendo.

Chaka chatha mdzukulu wanga wophunzira ku Katondwe anaipeza nkhani ya Kandevu ija pa foni. Ana a masiku ano ati amakangana za mafilimu amenewa ndi anthu a kumaiko ena amene sanawaonepo, mpaka kutukwanana. Anabwera akuthamanga, ati ambuya, zonse zilipo mpaka kumapeto, khalani pansi muone zimene zinamuchitikira Kandevu wanu. Ndinamuuza kuti foniyo aibweze m'thumba, ndipo akadzangoyerekeza kundiuza, masau a pakhomo panga asadzawalawenso. Akuti ndine wouma mutu. Eya, n'zakumtundu. Iye akhale nawo mapeto a azunguwo. Ine m'mawa ndikatsikira kudooko, bwato lililonse lochokera kutsidya ndimaliyang'ana mpaka ligunde mchenga, ndione kuti watsikamo ndani.