Dzimbiri la Lupanga la Agogo

Bwana wanga kuno kwa Aluya, ku Al Hilal, amatolera malupanga akale a ku Japan. Korona yatitsekera m'nyumba, ndiye lero ndaima ngati mtengo, kugwira foni kuti katswiri aone lupanga pavidiyo. Bwana atachotsa chigwiriro, fungo la dzimbiri landibwezera kwathu.

Ndili mwana, bambo ankagulitsa lupanga la ku Japan limene agogo anabwera nalo kunkhondo ya ku Burma. Anandilamula kuti ndilikweche lonse ndi mchenga. Ine ndinapita kumpira.

Wogula atafika, bambo anali atathyola kale kamtengo kondikwapulira. Munthuyo anagogoda kamsomali kansungwi, n'kusolola chigwiriro, n'kuyang'anitsitsa chitsulo chakudacho.

"Achimwene, dzimbiri ili ndiye umboni," anatero. "Mukadakwecha, bwenzi chili chikwanje wamba."

Bambo anadzikanda kumsana ndi kamtengoko.

"Mwanayu ndimamuuza nthawi zonse, zakale sakwecha."