Tochi Yanga ndi Laputopu ya Achimwene

Lachisanu, mwezi wa Julaye.

Ndadzuka mtima uli m'mwamba. Dzulo achimwene ankaika sisitimu yatsopano m'laputopu yawo. "Usakhudze," anatero popita kunyanja, sisitimuyo isanamalize kulowa. Soketi tili nayo imodzi, choncho ndinazula chingwe kuti nditchaje tochi yowerengera. Laputopuyo batire lake linafa kalekale, ndiye inathima pomwepo. Ndinabwezera chingwecho msangamsanga.

Lero akaiyatsa ikungoonetsa mdima ndi timalemba toyera. Akukayikira bambo wa ku Chintheche amene anawagulitsa fulashi ya sisitimuyo.

"Wakuba ameneyu! Kapena iwe unakhudza?"

"Ine? Nkhope yake ija ndinaikayikira kale," ndayankha, chonsecho munthuyo sindinamuonepo.

Achimwene ayang'anitsitsa tochi yanga. Mawa akuti akamulalatira bambo wa fulashi uja. Ndiwauza zoona asanakwere minibasi, koma nditaima chapatali.