Botolo la Madzi a ku Beira

Mundikhululukire polimba mtima kulemba izi. Sukulu yanga inathera Fomu 2 kuno ku Kasinje, ndipo sindinalembepo kanthu kotalika kuposa kalata. Koma achemwali anga akuti ndikapanda kulemba ndidzaiwala.

Chaka chatha alamu anga, amene amayendetsa thiraki yokatenga feteleza ku Beira, anati ndiwaperekeze ndikaoneko nyanja yamchere. Bambo anali atatupa miyendo kuyambira nthawi yokolola. Anandipatsa botolo la mafuta ophikira lotsukidwa bwino, nati ndikawatungire madzi a m'nyanjayo, poti anamva kuti amathandiza. Bambo sakonda kupempha, kotero botololo ndinalifukata njira yonse.

Tsiku lobwerera, matumba atapakiridwa, tinatsala ndi ola limodzi. Alamu anati njira yachidule yopita kumadzi ikudutsa mu paki. Ine paki sindinkaidziwa. Ndinangoona mpanda wakale wosuluka utoto, mitengo ikuluikulu imene nkhwangwa sinaikhudzepo, pansi posesedwa, ndi mwala wolembedwa Chipwitikizi. Kwathu mitengo yotere imatsala malo amodzi okha, kumanda. Ndipo kumanda kwa eni mlendo salowa asanapemphe.

Ndinaima pageti n'kuvula chipewa. Alamu anayenda ndithu asanazindikire kuti ndatsala. Atabwerera ndinawafunsa motsitsa mawu ngati tapempha kwa eni ake.

"Eni ake ati, alamu?"

"Eni manda."

Anaseka mpaka kugwirira geti. Kenako anandilozera ana awiri amene ankathamangitsana pakapinga, ayisikilimu ali m'manja.

"Akufa akwanu amanyambita ayisikilimu chonchi?"

Anandifotokozera kuti mitengoyo anaidzala Apwitikizi kalekale kuti anthu azipumulirapo, ndipo palibe amene anaikidwamo. Ndinavomera kuti asakhumudwe, koma miyendo sinasunthe. Anayang'ana wotchi, nati ndikapanda kulowa, botolo libwerera ndi mphepo yokha, ndipo bambo ndikawauza ndekha.

Ndinalowa, chipewa chili m'manja. Sindinaloze chala chilichonse. Alamu anagula mtedza kwa mayi wina wogulitsa pamthunzi, koma wanga ndinauika m'thumba. Munali phee, kozizira bwino. Pabenchi ina madala awiri ankasewera dirafuti ndi zotsekera za mabotolo, ndipo nditawapatsa moni wowerama anandiyang'ana modabwa. Mitengo itatha, nyanja inangotulukira, yopanda tsidya. Ndinapinda thalauza, funde linandinyowetsa mpaka m'chiuno, koma botolo linadzaza. Ndinalawa pang'ono kuti nditsimikize. Unalidi mchere.

Titafika kumudzi ndinaima pabwalo n'kupempha achemwali madzi osamba m'manja, monga timachitira tikachokera kumanda. Alamu anayamba kufotokoza nkhani yonse, akuwonjezera zina, ndipo achemwali anaseka mpaka misozi. Bambo anali pakhonde, miyendo ili pampando. Iwo sanaseke. Anaitanitsa botolo lija, nalitsekula, nati nditambasule manja.

"Samba ndi awawa, mwana wanga, ulowe m'nyumba."

Anandithira pang'ono chabe, ndipo ndinalowa.

Otsalawo ankapaka m'miyendo m'mawa uliwonse, chotsekera chimodzi patsiku. Mankhwala a kuchipatala ankamwanso, kotero sindinganene chimene chinachepetsa kutupako. Madzi anatha pa 25 Disembala, tsiku la Khirisimasi.